Pobenthuka pa Mwala wa Amayi

Achemwali anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, nanga bondo la amayi lija lasiya kutupa, kapena akungolibisa monga mwa masiku onse n'kumati palibe chikuwawa? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita. Azakhali nawo ali bwino, kungoti msana ukumawavuta akakhalitsa pamakina osokera kuntchito kwawo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ya azakhali ilipo. Mukundidziwa. Pafoni ndimangoti eya, ayi, zikomo, mpaka inu mumafunsa ngati ndilipo kapena ndakomoka. Papepala pokha ndiye masiku ano mawu sandithawa. Ndipo nkhani ndili nayoyi pakamwa yakana kutuluka, ndayesapo kawiri. Ndi ya mwala wa amayi uja, komanso ya chinthu chimene ndinakulakwirani kalekale inu osadziwa. Ndifikako. Mundilole ndiyambe ndi zing'onozing'ono.

Sukulu ikuyenda. Masamu akundizunzabe, koma ena onsewa ndikulimba nawo. Nsapato munandipatsa zija zikundikwana ndikaikamo pepala kutsogolo.

Nyumba ya azakhali ili pamwamba, masitepe makumi anayi ndi awiri, ndinawerenga. Madzi akasiya ndimawawerenganso ndi chidebe m'manja, ndipo tsiku limenelo amachuluka. Bambo oyandikana nafe agula lipenga. Akuti akuphunzira. Azakhali akuti pomwe bambowo azidzatha kuliza, ife tidzakhala titagontha kale, moti sitidzadziwa n'komwe kuti anaphunzira.

Kuno zovala timayanika pakhonde, pachingwe chachifupi ngati lamba. Loweruka lililonse ndikamayanika ndimakumbuka kuseri kwa nyumba yathu. Mabeseni awiri aja, amayi akuchapa, inu mukutsukuluza uku mukuimba, ine ntchito yanga kugwira kathumba ka mapegi ngati ndagwira chuma cha boma. Amayi asanalowetse manja m'madzi ankavula mphete n'kuiika m'kasosala kopanda kapu kaja pawindo la kukhitchini. Dzuwa likafika pamenepo, kadontho kofiira kankaoneka pakhoma, ife n'kumalimbirana kukagwira. Inu munkati wayamba kukagwira sakatsuka mbale. Munkandilola kupambana nthawi zambiri, ndazindikira ndili kuno.

Tsopano za mwala. Unafika bwino m'kabotolo ka mankhwala kaja, wokulungidwa m'thonje, pamodzi ndi mphete yakale yothyoka ija ndi kaulusi koyezera chala chanu. Kakalata ka amayi tinawerenga limodzi ndi azakhali. Akufuna mwala umene malemu abambo anawabweretsera kuulendo uwalitsidwe, uikidwe pamphete yatsopano, inu mudzaivale pa ukwati wanu mwezi wamawa.

Lachiwiri azakhali ananditenga kupita kwa amisiri. Umadutsa m'mbali mwa sitolo ya nsapato, n'kulowa kanjira kamdima konunkha guluu, kumapeto kwake kuli kachipinda kochepa kuposa khitchini yathu. Mumakhala anthu awiri. Bambo ndi odula miyala, anthu amangowatchula kuti a Kadiso chifukwa kagalasi kokulitsira zinthu sikachoka padiso lawo. Akazi awo ndi osula mphete. Matebulo awo anafulatirana. Mayiwo akuti n'chifukwa chake banja lawo lakhalitsa, amayankhulana tsiku lonse koma osaonana nkhope.

Mayi aja ataona kaulusi kanu anaseka. Akuti ulusi ndi mboni yabodza, ukaukoka umatalika, ukausiya umafupika, ndipo anthu ambiri alirapo chifukwa cha ulusi. Anatenga mulu wa timphete tachitsulo tomangidwa pamodzi ngati makiyi n'kuyamba kuyeza chala changa. Anafunsa ngati zala zanu zili ngati zanga. Ndinati n'zofanana, kungoti zanu n'zonenepa pang'ono pamfundo. Anayerekeza ndi ulusi uja n'kulemba nambala pakapepala. Akuti ikadzathina mudzabwere nayo, kukuza mphete sikuvuta.

A Kadiso anatsuka mwala uja ndi kaburashi, n'kuugwira ndi kachitsulo kopanira, n'kuuyang'ana nthawi yaitali pansi pa nyale. Akuti dzina lake ndi ganeti. Zaka zonsezi ife tinkangoti mwala wa amayi, osadziwa kuti uli ndi dzina lake. Kenako anayamba kunena za amayi ngati amawadziwa. Akuti mwini wake si munthu wokhala pampando. Akuti nkhope zonse zapamwamba, timbali tosalala timene timachititsa mwala kunyezimira, zinafufutika ndi ntchito, ndipo mwini wakeyo ankaiwala kuvula mphete pokwecha mapoto. Azakhali anaomba m'manja, amvekere bambo inu mukanatsegula kachipinda kena kolosera.

Kenako a Kadiso anautembenuza n'kuima pakona yobenthuka ija. Amvekere apa pokha si ntchito ya zaka, apa ndi ntchito ya tsiku limodzi, unagwa pasimenti umenewu, wapalamula ndani?

Ine ndinangoyang'ana pansi.

Azakhali sanachedwe. Amvekere ndi mkwatibwi yemweyo, Namphete! Ndiye anayamba kufotokoza nkhani yonse akuseka, momwe amaifotokozera malume pakakhala alendo. Kuti tsiku lina mphete inasowa m'kasosala. Kuti amayi anaipeza m'thumba la bulauzi yanu ya sukulu, mwala utabenthuka. Kuti inu munakanitsitsa kuti simunaigwire. Kuti abambo anakuletsani kupita ku mpikisano wa kwaya, pomwe woyambitsa nyimbo munali inuyo. Ndi kuti kuyambira pamenepo malume anakupatsani dzina loti Namphete. Azakhali amvekere taonani mwayi wake, waba ali mwana, akumupatsa ali wamkulu.

A Kadiso anaseka. Akazi awo sanaseke kwenikweni. Anafunsa, osatembenuka n'komwe, ngati munavomerapo. Azakhali anati mpaka lero mumakana. Mayiwo anapitiriza kupala mphete imene anagwira, kenako anati mwana wolakwa amatopa kukana, pakatha chaka amayamba kuseka nawo, koma wokana zaka khumi iwo amamumvera. Sanandiyang'ane. Koma makutu anga anatentha ngati ndawaika pambaula.

Achemwali, ndinali ine.

Tsopano ndinene zonse momwe zinayendera, musaganize kuti ndikuchepetsa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Abambo anali atangofika ndi galimoto yawo ya katundu, ndipo podya ananena kuti mwala weniweni umalemba pagalasi. Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Loweruka lake, amayi atapita kuchingwe kukayanika ndipo inu mutapita kukatunga madzi ena, ndinakwera pakampando n'kutenga mphete m'kasosala. Ndinakanda pakona ya pansi ya windo la kukhitchini, dzanja lamanzere. Unalembadi. Kamzere kake kalipo mpaka lero, kopindika ngati mbedza, kuseri kwa chitini cha masupuni. Mukakhala kuti simukundikhulupirira, sunthani chitinicho muone.

Manja anga anali ndi sopo. Potsika pakampando mphete inapulumuka n'kugwera pasitepe ya pakhomo. Phokoso lake linali laling'ono kwambiri, kungoti the. Nditaitola ndinaona kona itachoka. Nthawi yomweyo ndinamva masilipasi a amayi akubwera. Bulauzi yanu inali pamwamba pa mulu wa zochapa. Ndinaponya mphete m'thumba mwake. Sindinasankhe inuyo, ndikulumbira. Ndinkaganiza kuti amayi akaipeza aziti yagweramo yokha. Nzeru za mwana.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine. Koma pali zimene ine ndinaona kuseri kwa chitseko. Inu mutagwada pabalaza. Abambo atakhala pampando wawo uja, osakweza mawu, akunena kuti kuswa chinthu si mlandu, mlandu ndi bodza. Inu mukulira mukuti si ine, si ine. Ine ndili ndi buledi m'manja, ndikudya. Ndimakumbuka kuti ndinamaliza buledi yenseyo.

Tsiku la mpikisano, diresi yanu yoyera inali yosita kale, itapachikidwa pamsomali kuchipinda kwathu. Basi ya kwaya inadutsa mumsewu mwathu anzanu akuimba, wina anakuwa kukuitanani. Inu munangodzuka n'kutseka windo. Simunabwererenso kukwaya. Ngakhale potsukuluza zovala munasiya kuimba, amayi n'kumati mwana ameneyu wakula, wayamba manyazi.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse n'chakuti mawa lake masana munandikhazika pakati pa miyendo yanu n'kundiluka tsitsi monga Lamlungu lililonse. Munandifunsanso ngati mukukoka kwambiri. Ndinati ayi. Mukanakoka mwina ndikanapepukidwa.

Chaka chotsatira abambo anatisiya akudziwa kuti munali inu. Izi ndiye sindingazikonze, ngakhale nditadzaza kope lonseli.

Mundifunsa kuti bwanji sindinanene zaka zonsezi. Poyamba anali mantha. Kenako ndinkati ndinena mawa. Kenako maliro, ndinkati si nthawi yake. Kenako nkhani inasanduka nthabwala ya pabanja, ndipo malume akati Namphete, inenso ndinkaseka nawo kuti anthu asandiyang'ane. Anthu amati ndine wofatsa, mwana wabwino wosayankhula. Gawo lina la kufatsa kumeneko ndi ili ndakuuzanili.

Ndibwerere kwa amisiri. Lachiwiri lomwe lija a Kadiso anatiuza kuti pali njira ziwiri. Yoyamba, adule mpaka pobenthukapo pathe. Koma akuti sungadule kona imodzi yokha, mwala ungapendekeke ngati tebulo lothyoka mwendo. Ayenera kuchepetsa kuzungulira konse, moti pa magawo atatu gawo limodzi lipita, ndipo kufiira kwake kuchepa pang'ono. Ukatero udzakhala ngati watsopano, palibe adzadziwe kuti unabenthukapo. Njira yachiwiri, akonze nkhope zonse koma konayo aisiye, angoisalaza kuti isakole nsalu, ndiye akazi awo aike kachala kamodzi ka mphete pamwamba pake, pa tizala tinayi timene timagwira mwala. Ukatero ukhala waukulu ndi wofiira momwe abambo anaubweretsera, koma pobenthukapo padzakhalapobe, woyang'anitsitsa cham'mbali adzapaona.

Azakhali anati adule, zoipa zakale zipite. Ndinene zoona, ndinasangalala. Potuluka m'kanjira kaja ndinkamva kupepuka ngati ndatula chidebe. Ndinati basi, zatha, ngakhale mwala wavomera kuiwala.

Koma Lachitatu m'kalasi sindinamve kanthu. Aphunzitsi anandifunsa funso, ndinangowayang'ana ngati mbuzi. Ndinkangoganiza kuti kona ikachoka, dzina la Namphete silichoka nayo. Inu mudzavala mphete yosalala, malume adzaimirira paukwati n'kufotokozanso nkhani ija, anthu a kwa alamu adzaseka, inu mudzamwetulira momwe mumachitira muja, milomo yokha. Ine ndidzakhala pamenepo nditavala diresi yatsopano, ndikusekanso.

Dzulo, Lachinayi, nditaweruka ndinapitako ndekha. Ndinadutsa pakhomo pa kanjira kaja katatu ndisanalowe, mpaka wogulitsa nsapato anandifunsa ngati ndikufuna nsapato kapena ndikuyesa zimene ndavalazi.

Ndinapeza a Kadiso ali pa mwala wathu womwewo. Mukanaona, achemwali. Anaumata kunsonga kwa kamtengo ndi phula. Patsogolo pawo pali chimbale chachitsulo chozungulira, madzi akudontherapo kuchokera m'kachitini. Amakhudzitsa mwala pang'ono, sii, n'kukweza, n'kupukuta ndi chala, n'kuyang'ana ndi kagalasi kaja. N'kukhudzitsanso. Kankhope kamodzi kokha mwina kakhumi. Akuti chimene wadula sungachibwezere, ndiye maso azigwira ntchito kuposa manja. Anandiuza kuti ndiime kumbuyo kwawo, ndisapume mokweza.

Pamwamba ponse anali atamaliza. Anauyandikiza panyale kuti ndione. Sindinauonepo chonchija. Mwina amayi okha ndi amene anauona choncho, tsiku limene abambo anatsegula kabokosi. Mkati mwake muli ngati khala lamoto. Ndinaganiza za amayi ali mtsikana, zala zisanakakale ndi sopo, ndipo misozi inayamba yokha.

A Kadiso anati m'mbali ndi kona yobenthuka asiyira mawa m'mawa, maso akadali atsopano. Apo ndi pomwe ndinati dikirani. Mawu anatuluka aakulu kuposa momwe ndinkafunira, mpaka mayi aja anazimitsa kamoto kawo kowotcherera mphete. Ndinawauza zonse, nditayang'ana pansi, kuyambira pakampando mpaka pathumba la bulauzi. Anthu oyamba kumva ndi iwowo, anthu oti ndawaona kawiri kokha.

Bambowo anachotsa kagalasi padiso. Kanasiya mzere wozungulira ngati chidindo. Amvekere iwo ndi odula miyala, si oweruza milandu, ndipo zaka makumi atatu palibe analowapo m'chipindamo kudzalapa, anthu amabwera kudzadandaula basi. Akazi awo anawauza kuti akhale chete, akumuopseza mwana. Bambowo anati mwana wake uti, ameneyu wangowaimitsa ntchito ngati bwana. Mayiwo anandikokera kampando n'kundithirira tiyi wa m'fulasiki yawo. Sananditonthoze, sanandikalipirenso. Anangoti mlandu suwola, koma uli ndi mwini wake, ndipo mwini wake si iwo, si azakhali, si ine. Akuti amene analipira kona imeneyi ndi inu, ndiye wonena kuti ichoke kapena ikhale ndi inunso.

A Kadiso anang'ung'udza kuti mabanja ena ndi ovuta kuposa miyala. Komabe anauchotsa pamakina, kamtengo kali komweko, n'kuuika m'kabati mosamala ngati dzira. Akuti adikira mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Kupitirira apo akazi awo sapeza nthawi yokwanira yosula mphete ukwati usanafike.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mundiyankhe lisanafike tsiku limenelo, adule kapena asiye. Ngati simukufuna kuyankhula nane, tumizani liwu limodzi lokha pafoni ya azakhali, ine ndikafikitsa momwe mwanenera, osaonjezera kanthu. Mukati adule, ndimvetsa. Ndi mphete ya ukwati wanu, simuyenera kuyenda ndi kulakwa kwanga pachala moyo wanu wonse. Mukati asiye, ndimvetsanso. Ine maganizo anga pankhaniyi sindinena, ndasankhira kale zambiri m'malo mwanu.

Zoti mundikhululukire sindikupempha m'kalata muno. Ndikuona ngati n'kuba kachiwiri, kukubweretserani nkhani ya zaka khumi n'kufuna yankho sabata imodzi. Mukwiye momwe mungafunire. Mukafuna kuti ndisaime nawo kutsogolo pa ukwati wanu, ndidzakhala kumbuyo, ndidzatsuka mbale.

Amayi ndiwaimbira ndekha Lamlungu masana. Ndikudziwa kuti mawu adzandithawa, ndiye ndalemba papepala zoti ndidzawerenge. Malume nawo ndiwauza ndekha ukwati usanafike. Amenewo ndikuwaopa kuposa amayi, chifukwa adzandipezera dzina tsiku lomwelo, ndipo lidzakhala loipa kuposa lanu. Palibe kanthu. Ndi langa, linangochedwa kufika.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamanyamule beseni lodzaza ndi bondo limenelo. Moni kwa alamu, muwauze kuti mphete ikubwera, asaonde ndi nkhawa. Moni kwa malume ndi akazi awo, kwa asuweni onse, ndi kwa mayi oyandikana nafe aja amene ankatibwereka mapegi osabweza. Ngakhale iwowo ndawasowa.

Ndilekeze pano. Ndikumva azakhali akukwera masitepe, akupumira pa sitepe iliyonse monga amachitira akatopa. Iwo sakudziwabe kuti ndinaimitsa ntchito imene analamula, ndipo sakudziwa chifukwa chake. Ndikawalandira chikwama pakhomo, ndiwauza ndisanaike n'komwe madzi a tiyi pamoto, chifukwa ndikangoti akhale kaye pansi apume, ndikudzidziwa, zitha zaka zina khumi.

Ine mng'ono wanu,
amene anagwetsa mphete.